Musafufute Mawu a Amayi

Achemwali,

Mundikhululukire zolemba zokhotakhotazi ndi mawu amene ndalakwitsa. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira. Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa alamu unaphwa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa foni ndilibe.

Ntchito ndi yomwe ija yokolopa. M'chipinda chimene ndimakolopa muli mashelefu odzaza timagalasi tating'ono ngati chikhatho. Anandiletsa kutikhudza, moti ndikamadutsa ndi mopu ndimayenda chammbali ngati nkhanu. Mayi wina woyendetsa makina anandiuza kuti m'timagalasimo amalembamo mabuku, zithunzi ndi mawu a anthu pogwiritsa ntchito kuwala. Akuti sizifufutika ngakhale papite zaka zikwizikwi, ngakhale galasilo ligwere m'madzi.

Nditamva zimenezo ndinakumbukira filimu ija tinkaonera pawindo la aphunzitsi, ya munthu amene ankati akagwira galasi bambo ake omwalira n'kutulukira, n'kumamulangiza. Inu munkaseka, ine ndinabisala kumbuyo kwanu. Ndinawafunsa mayiwo ngati zimatheka. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anati zotulukira munthuzo n'za m'mafilimu, galasi silingalankhule popanda makina oliwerenga. Kenako anati kumapeto kwa mwezi ayesa makina atsopano, ndipo ndikabweretsa mawu a munthu wanga adzawalemba pa kagalasi koyesera n'kundipatsa.

Ndinaganiza za uthenga uja Amayi anajambula pa foni yanu ali m'chipatala asanatisiye, inu n'kunditumizira. Ndinkaumvera m'mawa uliwonse ndisanagwire mopu. Tsiku lomwe mayiwo anandilonjeza, ndikuufunafuna ndi manja onyowa, foni yanga inapulumuka n'kugwera m'ndowa ya madzi a sopo. Wokonza mafoni waitsegula, wati zonse zinapita.

Chikundidya mumtima n'chakuti ndine ndinakuuzani kuti mufufute zakale foni yanu itadzaza, kuti zithunzi zanga zilowe. Ndinati musadandaule, ine ndasunga. Zithunzi zakenso za ine nditatsamira galimoto ya eni.

Pempho langa ndi limodzi. Yang'anani ngati uthengawo udakalipo. Chitani nokha, mutakhala pansi, kutali ndi madzi, ndipo ana asaigwire. Mukaupeza muutumize ku nambala ndalemba kuseriyi, ndi ya mayi a makina aja. Ngati munaufufuta mundiuze basi. Musandibisire ngati mmene munandibisira matenda a Amayi poopa kuti ndidwala nkhawa.

Zimene ananena mu uthengawo ndikuzidziwa pamtima: "Iwe Wamantha, si zonse zodera nkhawa. Wavala juzi?" Koma liwu lawo lenilenilo layamba kundithawa. Dzulo ndinayesa kulimva m'mutu, ndi kachifuwa kaja anatsokomola pakati, koma ndinamva liwu lanu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amalume musawauze, angandinene kuti manja anga ndi obooka kuyambira kale.

Kagalasi kaja andisungira m'kabati, akulunga m'pepala. Ndimakaona ndikamapukuta fumbi. Mpaka pano mulibe kanthu, ndipo sindikudziwa ngati mawu a Amayi akadalipo penapake.

Ndine mng'ono wanu,
Wamantha