Tinkhokwe ta m'mwendo mwa bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bowe tilipo, ndipo chilonda cha bambo chija, cha chitsa chomwe chinawabaya m'mwendo, chayamba kuuma.

Mapiritsi a penisilini ankawakana, ati sangameze chinthu chomwe sakudziwa ntchito yake. Tsono nditawapeza akuluka nkhokwe, ndinawauza zomwe tinaphunzira kusukulu. Ndinati bakiteriya, kachirombo ka m'chilondamo, nayenso amadzilukira khoma: nsungwi zake ndi shuga, luzi lake ndi maamino asidi. Penisilini amamuletsa kumanga luzilo, khoma n'kuphwasuka, iye n'kuphulika.

Anayang'ana kumapiri a Ntchisi, ngati akuona tinkhokwe ting'onoting'ono tikugwa m'mwendo mwawo. Kenaka anati, "Pepa mmisiri mnzanga," n'kumeza mapiritsi aja.

Muwatumizireko nsapato, chitsa chingawabayenso. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu.