Kagalu Katuluke M'chikuta cha Veronica

Ndirande, Blantyre
14 Julaye 1999

Achimwene a Silvester,

Lululululu! Ambuye alemekezeke! Veronica wanu ndi mkazi, mkazi weniweni! Mimba yoyamba, mwana wamwamuna wonenepa, osapita kumpeni! Fanizo wa mbatatesi uja atandiuza pamsika dzulo, ine ndinavina pomwepo mpaka chitenje kumasuka, azimayi a tomato kumandiombera m'manja asakudziwa n'komwe chachitika.

Muli bwanji ku Mlangeniko? Alamu anga aNangozo, miyendo ija inaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha chisanuchi.

Koma achimwene, chimwemwe changa mwachithira mchenga. Fanizo yemweyo wandiuza kuti mwatenga kamwana ka galu ndipo kakugona m'nyumba. Nyumba yake iti? Ya simenti ija ndinamanga ine ndi thukuta langa, imene ndinati Veronica akhalemo chikuta chake chifukwa simulowa fumbi. Inu mwaisandutsa khola.

Akuti kamakodza pakhomo la chipinda cha mwana. Akuti kamagona m'beseni la matewera ochapa. Akuti alamu akasesa n'kukolopa, iko kamachokera kudimba ndi matope n'kupondaponda ponse, inu muli pampando kumaseka kuti kachenjera. Kachenjera chiyani? Mumakolopa ndinu?

Chimene chandiimitsa mutu ndi cha Lamulungu chija. Fanizo amafotokoza akuseka, ine osaseka. Akuti kagaluko kanatuluka m'chipinda kataluma kansalu kamene amamanga pamimba pa khanda, alamu ndi azimayi anzawo n'kukathamangitsa mpaka m'mizere ya kabichi, poganiza kuti mchombo wagwera m'menemo. Mwamwayi unali usanagwe. Nanga ukanakhala kuti wagwa? Achimwene, munabadwira mumzinda kapena? Mwaiwala kuti mchombo ukagwa amatola ndi azimayi akuluakulu, n'kukaukwirira pamene akudziwa okha? Wanu anakwirira ndi malemu agogo, wa Veronica tinakwirira ine ndi alamu. Wa mdzukulu wanu woyamba ukathere m'mimba mwa galu? Mwanayo akadzakula n'kumavutika, akuchimuna adzaloza ife, adzati kwawo kwa mkazi anadyetsa galu mchombo. Ine manyazi amenewo sindisenza nawo. Ndipo kanthu kake n'kakang'ono ngati nyemba youma, kakhoza kugwera pamphasa munthu osaona. Galu saona ndi maso, amanunkhiza.

Musandiuze kuti sindidziwa za agalu. Kuno kumene ndimagwira ntchito ku Namiwawa kuli kagalu kaubweya kogona m'nyumba, ndipo amene amavutika nako ndine. Kukolopa m'mawa, kukolopa masana. Kansanza kake kogonera kuchapa pakokha, mbale yake payokha, kukasambitsa ndi sopo wake, kupita nako kudibi. Ndi zonsezo ubweya ndimaupezabe m'mipando, tsiku lina ndinaupeza m'shuga. Kanuko munakasambitsapo? Utitiri wake ukalowa m'bulangete la khanda mudzachotsa ndi chiyani?

Fanizo akuti munayankha alamu kuti simungakatulutse chifukwa afisi anakudyerani kale galu chaka chatha, ndiye mukufuna kakule kazilondera mbatatesi. Zimenezo ndamva, afisi a kwathu ndimawadziwa. Sindikuti mukataye. Kazigona kukhitchini, mutseke chitseko ndi mtondo. Kukhitchini n'kofunda kuposa kuchipinda.

Ndamvanso dzina limene mwakapatsa. Sabwera. Eti Sabwera! Mukaima pakhonde n'kumakuwa kuti Sabwera, Sabwera, mudzi wonse umadziwa kuti mukunena mlongo wanu wa ku Blantyre. Chabwino, sindibwera. Koma malata amene mukubisalamo mvula anabwera okha? Nsapato za Veronica za kusukulu zinkayenda zokha kuchokera ku Limbe? Mukanangondilembera kuti mwandisowa, m'malo motuma galu.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ndapatsira Fanizo, akukwera lole ya mawa, ndiye ikupezani mchombo usanagwe, Mulungu akalola. Mukangomaliza kuwerenga, nyamulani kagaluko ndi manja anu, osatuma munthu. Alamu atulutse mphasa ndi mabulangete onse aziyanike padzuwa, akolope ndi madzi otentha mpaka m'makona, pamene kamakodza paja athire phulusa pasanakolopedwe. Matewera achapidwenso onse. Chitseko cha Veronica chizikhala chotseka, ndipo posintha mwana aziyang'ana m'kansalu asanakaike pansi. Mchombo ukakwiriridwa, pamwamba aikepo mwala waukulu, chifukwa tiagalu timafukula.

Veronica watumiza mawu kuti dzina la mwana ndipereke ine, azakhali ake. Dzina ndili nalo, labwino. Koma sindilemba muno ayi. Sindingatumize dzina la mwana m'nyumba imene galu anayamba kutchulidwa. Fanizo akadzabweranso n'kundiuza kuti kagalu kali kukhitchini ndipo mchombo uli pansi pa mwala, ndidzapempha tchuthi, ndidzatchula ndekha ndi pakamwa panga mwanayo ali m'manja mwanga. Tidzaone ngati mudzakuwebe dzina lija ine nditakhala pakhonde.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndawamvera chisoni ndi mpikisano wa m'kabichi uja. Moni kwa amalume, kwa apongozi ake a Veronica, ndi kwa mkamwini wathu Kingston. Veronica azimwa thobwa kwambiri.

Mwezi ukatha nditumiza ndalama. Ndi za sopo wa mwana, ndi njerwa zomangira kanyumba ka Sabwera panja. Ndipatsira alamu, osati inu.

Ndine mlongo wanu,
Zelesi