Mchere wa Nermin

Achimwene a Abdel-Sattar,

Moni kuchokera ku Asyut. Za ana anga: Hamdi tsopano ndi namwino wamkulu, Rifaat watsegula shopu ya matayala, ndipo Nermin akaonekera kwa aphunzitsi atatu a kuyunivesite pa 9 Meyi, kuti amulole kufufuza za mchere umene ukuwononga minda yathu.

Pokonzekera, masana aliwonse amatikhazika ine ndi bambo ake ngati aphunzitsiwo. Ndimamufunsa kuti, "Nanga mcherewo ukautaya kuti?" Amaseka: "Amayi, inu ndiye mungandilepheretse!" Bambo ake safunsa kanthu. Akuti aphunzitsiwo akamukana, a kwa Fawzi, amene akumufunira ukwati mwana wawo, sitidzawabwezanso. Zina ndisiye, poti wondilembera kalatayi ndi Nermin yemweyo.

Tidzasonkhana kuno Lachisanu pa 12 Meyi. Mubwere ndithu, bambo ake amamvera inu.

Ine mlongo wanu,
Zakiya