Funso Langa Lagona kwa Kaduya

Lachinayi, Malichi. Tsiku lolemera.

Ndakumbuka atate akufuula uthenga ali kumunda, alimi n'kumapatsirana mpaka ukafike kwathu kwa Chiwalo. Chigwereni nsanja ya netiweki ndi madzi osefukira, mafoni athu akuchita zomwezo: foni iliyonse imapatsira yoyandikana nayo. Koma anthu akuwazimitsa posunga moto wa batire. Funso langa kwa achemwali loti amayi ali bwanji lagona masiku atatu kwa Kaduya, m'foni ya a Jafali ogula nandolo.

"Achimwene, foni yanga izinyamula za eni ngati kabaza waulere?" anatero nditapita kukawapempha, akuiyatsa monyinyirika.

Yankho la achemwali lafika madzulo ano: "Tikumane Loweruka pamlatho woduka." Za amayi sanalembepo kanthu. Akanakhala kuti ali bwino, bwenzi...