Mwana Wopanda Dzina Ali M'foni Mwanga

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mwera kuyambira m'mawa. Maboti onse pamtunda.

Nkhani yokoma: alamu anga a Jimmy atumiza vidiyo ya mwana kuchokera ku Joni. Osati vidiyo yeniyeni, linki. Iwo ali kufamu, kutali ndi kumene kuli mkazi wawo, ndipo mkaziyo akuba anamubera foni ali ndi pakati. Ndiye mnzawo wina wa kutchalitchi wajambula mwanayo n'kuika pa intaneti. Mtsikana. Milungu itatu lero, dzina alibe.

Dzina likudikira apongozi anga aamuna. Zidzukulu zonse zisanu ndi zinayi anazitcha ndi iwo, ndipo satcha mwana asanamuone akugwedezeka. Lusizi wanga anamuyang'anitsitsa masana onse asanatsegule pakamwa. Chithunzi cha uyu tinawaonetsa kale, anangochibweza. Akuti, "Mwana wa pachithunzi salira, ndimudziwa bwanji?"

A Jimmy awapatsa tsiku limodzi lokha kuntchito, Lolemba likubwerali, loti akalembetse mwana kuboma la kumeneko. Dzina likapanda kufika Lamulungu, atcha okha. Apongozi ndimawadziwa. Sadzanena kanthu, koma zidzawadya mumtima mpaka kalekale.

Bambo a Lusizi ali ku Chizumulu kokonza injini, abwera mwezi ukatha. Ndiye ntchito yagwera ine, mtengwa wochokera ku Dedza. Sukulu tatsekera, ponamizira palibe.

Ndadina linki. Kabokosi kakuda, pakati kagudumu kakuzungulira. Ndasenda chinangwa beseni lonse, kadakazungulirabe. Palibe kanthu, mawa kumwala.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Kumwala. Kuno ku Usisya netiweki yabwino ili pamwala umodzi wokha, kuphiri kuseri kwa tchalitchi. Mphindi makumi anayi kukwera, kwa munthu wopanda mwana kumsana. Ndapezako anthu atatu, aliyense mkono m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi.

Timizere ta netiweki tinayi, tonse todzaza. Mtima m'malo. Kudina: kagudumu komwe kaja.

Ndatsika, ndapita kwa Zebron. Ndiye wometa tsitsi, wotchaja mafoni ndi sola, komanso dokotala wa mafoni onse a mudzi uno. Sanayang'ane n'komwe bwinobwino. Akuti, "Aphunzitsi, bandulo yanuyi ndi yochezera basi, vidiyo siingakoke." Ndagula ina ya intaneti yonse. Sopo adikire kaye.

Kukweranso masana, dzuwa lili paliwombo. Kagudumu kazungulira kawiri n'kuima. Ndinakuwa, "Eya!" mpaka mayi wina anagwetsa foni. Kenako mawu achizungu: vidiyo iyi siingaseweredwe pano. Pano pati? Pamwala? Ku Malawi? Sakunena.

Ndakwera kawiri pachabe. Koma ndaseka ndekha potsika. Munthu wa satifiketi ya uphunzitsi kugonjetsedwa ndi kagudumu.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zebron akuti foni yadzaza zinyalala. Walowa mu bulawuza, kaja kofiira kamene timatsegulira intaneti, wasesa zonse zimene kanasunga. Wati tifufutenso zithunzi kuti ipume. Zapita zithunzi 200. Za ukwati wa mng'ono wanga ndinakana, tinatsala pang'ono kulimbirana foni. Wazimitsa, wayatsa, wachotsa batire, waliuzira mpweya ngati phala la mwana.

Takwera tonse, iye ndi mafoni anayi a anthu amene anasiya kuti awatchajire. Nzeru yake: ikakana pa mafoni onse, vuto si lathu. Yakana pa onse asanu. Kabokosi kakuda kasanu. Zebron wagamula mlandu ali chiimire pamwala, kuti vidiyo ya a Jimmy ndi yowola.

Ndawaimbira a Jimmy pompo. Ndinalankhula mokweza, ndikuvomera. Iwo akuti kwawo ikusewera bwinobwino, aionera kakhumi, mpaka mzungu wa pafamu waiona. Ine ndati ndiye atche dzina mzunguyo. Anadula. Ndapepesa pa meseji ndisanatsike.

Madzulo kukapereka lipoti kwa apongozi. Monga mwa nthawi zonse: iwo pampando pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ine chogwada patali, pafupi ndi thandala la mbale, maso pansi. Zaka zisanu ndi zinayi chikwatiwire muno, sindinakhalepo nawo pa mkeka umodzi. Amanditcha amake Lusizi, kapena "a ku Dedza" akakhala kuti akondwa. Foni ndinaikankhira pa mkeka kuti aone okha kabokosiko. Anayang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Kodi ku Joniko magetsi azima?"

Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke. Iwonso mapewa amagwedezeka, ndinaona.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Ndinakwera kawiri, osaphula kanthu, ndipo ndinakwiyira aliyense mpaka nkhuku.

Lero Mulungu wayenda pa boti! Tsiku la sikelo. Kwabwera a Gertrude, alangizi a zaumoyo, a ku Zomba, amene amabwera kamodzi pamwezi. Ndinapita ndi Lusizi kukalandira mankhwala a njoka zam'mimba. Kumva Chichewa chakwathu kuno kwa Atonga, pakamwa panga panamasuka, ndinawakhuthulira zonse. Atamaliza kuyeza ana anati tiyeni kumwalako, nanenso ndikufuna kutumiza malipoti.

Ndawatumizira linki. Adina. Kulira! Kulira kwa mwana, kwamphamvu, pamwala pathu pomwe paja. Ndinangoona kamwendo kakuponda m'mwamba, misozi n'kutseka maso. Ndinavina ndi Lusizi kumsana, msinkhu wonsewo.

Ndiye foni yawo ndi yodula? Ayi, yotsika kuposa yanga, galasi losweka pakona. Kusiyana kwake n'kumodzi: iwo amatsegulira bulawuza ina, yabuluu. Anatenga yanga, analowa mu yofiira ija, n'kundionetsa kabatani kopulumutsa bandulo, kokankhidwa mpaka kumapeto. Akuti kakakhala choncho kamafinya chilichonse, zithunzi zimabwera zofooka, mavidiyo ena sadutsa n'komwe. Anakazimitsa. Yakanabe, chifukwa bulawuzayo ndi yakale, sinalandire zatsopano chigulire foni. Akuti, "Musavutike nayo, koperani linki muike mu yabuluu." Kufufuza yabuluu m'foni mwanga, mulibe.

Ndinawapempha kuti titsike, apongozi akaonere pa yawo. Koma kunyumba netiweki yokoka vidiyo kulibe, ndipo woyendetsa boti anali ataimba kale kawiri kuti nyanja ikuipa. Anathamanga. Pokwera boti anakuwa kuti yabuluuyo imabwera ndi foni, siingasowe, alipo anaibisa.

Alipo anaibisa. Ndikumudziwa.

Loweruka, 10 Ogasiti

Zebron ndinamupeza akumeta mkulu wa mpingo, mbali imodzi yatha. Sindinadikire.

Wavomera mosavuta, monyada kumene. Foni iliyonse yofika pa shopu yake amaigoneka bulawuza yabuluu, n'kuikamo yofiira, n'kukankha kabatani kaja mpaka kumapeto. Chaulere, osauza mwini wake. Akuti yabuluu imadya bandulo ngati mbuzi m'munda wa chinangwa, ndiye iye amateteza anthu ake. Mudzi wonse, zaka zinayi! N'chifukwa chake mafoni asanu aja anakana mofanana. Tinkafunsa munthu mmodzi kasanu n'kumati tafunsa anthu asanu.

Mkulu wa mpingo anaseka mpaka makina anamulowa kumbali inayo. Akuti n'chifukwa chake mavidiyo a kwaya ya ku Bandawe sanawaonepo, ankayesa ndi machimo ake.

Ndinafuna kukalipa, koma ndinamuleka. Nkhope ya Zebron inali itagwa. Analowa mu zokonzera foni, pa mndandanda wa zogona, n'kuidzutsa. Kabuluu kanatulukira pagalasi ngati sikanachokepo.

Kumwala ndekha. Inayamba yafuna kulandira zatsopano, ndinailola, ndikuona bandulo ikutsetsereka. Kukopera linki, kuika, kudina. Yasewera! Ndinaimitsa pa sekondi khumi. Si ine woyenera kuyamba kumuona yense.

Vuto latsala: mwala uli kuphiri, apongozi ali ndi zaka 78 ndi bondo lotupa. Ndinawauza ndili patali paja kuti mwina tipeze anyamata awanyamule pampando. Anandiyang'ana koyamba m'maso. Akuti, "Ine sindine thumba la ufa. Mawa tikaweruka."

Ndawasitira jekete.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Tinanyamuka titangoweruka kutchalitchi. Iwo patsogolo, jekete, tayi, ndodo. Ine kumbuyo mapazi khumi. Kumbuyo kwanga theka la mpingo, chifukwa mkulu wa mpingo anailengeza nkhaniyi pa zolengeza, ndi dzina la Zebron lomwe. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo. Ola limodzi ndi theka. Anapuma kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse ankati akuyang'ana maboti.

Pamwala ndinatsegula vidiyo, n'kuwapatsira foni ndi manja awiri, n'kubwerera. Chala chawo chachikulu chinagwera pagalasi, vidiyo n'kutsekeka. Ndinakonza, kuwapatsanso. Chala chomwecho. Kachitatu anatsegula kamera n'kudziona okha, anadzidzimuka. Zebron anati agwire ndi iye. Anamubweza ndi ndodo. Akuti, "Iwe wagwira zokwanira." Kenako anagogoda pamwala, pambali pawo penipeni. Akuti, "Amake Lusizi, khalani apa, mundigwirire."

Ndinayang'ana amayi a kwaya aja. Amayi anayang'ana kumwamba. Ndinakhala. Phewa langa kukhudza jekete yawo, fungo la sopo ndi utsi wa nsomba. Maso awo ndi ofooka, ndiye anayandikira mpaka mutu wawo unagunda duku langa.

Mphindi zisanu ndi imodzi. Mwana akusambitsidwa, akulira, akuyamwa. Kenako amugoneka chagada, ndipo akulimbana kuti chibakera chake chifike pakamwa. Chikuphonya, chikumenya mphuno. Akukwinya nkhope, akuyesanso. Chikumenya tsaya. Akulira pang'ono mokwiya, akuyesanso. Anati ndibwezere pamenepo. Katatu. Mwanayo atayesa kachisanu ndi chimodzi chibakera chinalowa, mpingo wonse m'manja.

Apongozi anapukuta maso ndi tayi. Kenako analankhula m'Chichewa, osati m'Chitonga, kuti ndimve bwino. Akuti, "Kamwana aka n'kamakani. Kakafuna chinthu sikasiya, kamakwiya, kamayambiranso. Ndamuona munthu wotere sabata ino akukwera phiri ili m'mawa ndi masana. Dzina lake ndi Catherine."

Ine ndinatembenuka kuyang'ana kuti Catherine wake ndi uti. Zoona. Zaka zisanu ndi zinayi palibe ananditchulapo dzina limeneli pamudzi pano, ndinkayesa sakulidziwa n'komwe. Nthungululu zinandidzutsa. Ndinalira mokweza, mosakongola, pamaso pa apongozi, foni ili m'manja. "Yewu, Ada," zikomo bambo m'Chitonga chawo, ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa.

Tinawaimbira a Jimmy pompo. Anafunsa kawiri, n'kuseka, akuti ndiye mwanayo adzawakalipira pa foni ngati mwini dzina.

Zebron wadziombola. Anapeza kamuvi kotsitsira vidiyo, ndiye tsopano ili m'foni, siifunanso mwala. Bandulo yathera pomwepo, ndilibe nayo chisoni. Potsika anthu anali atamuzungulira, aliyense akufuna amudzutsire kabuluu kake.

Lolemba, 12 Ogasiti

Meseji ya a Jimmy yalowa ndili kotunga madzi: alembetsa. Catherine Mwayi. Lachiwirilo awonjezera amake.

Bondo la apongozi latupa ngati papaya. Ndawiritsa madzi otowera. Bambo a Lusizi sindinawauze, ndikufuna ndidzaone nkhope yawo.

Ndimati lero ndichape, ndikavuule chinangwa, ndilembere amayi ku Dedza kuti mwana wawo ali ndi mnzake wa dzina ku Joni. Koma akuitana panja, kachiwiri tsopano. Afuna pa chibakera paja. Ayala mkeka pafupi ndi mpando wawo, ndipo sakuti amake Lusizi, akuti Catherine wamkulu. Ndikubwera, Ada, ndingopeza duku