Mayeso Omwe Lamont Ankalakwa Dala

Lolemba, 12 Januwale

Masewera a chaka chino atha. Timu yagonja dzulo, ine mtima pansi, Mulungu andikhululukire. Zaka khumi ndi zinayi mwamuna wanga Lamont ali pakati pa otchinga mu mpira wa kuno ku America wovala zisoti, ntchito kugunda aliyense wothamanga ndi mpira. Bondo lotupa, zala ziwiri zomanga. Zimenezo sindiziwerengeranso.

Mmawa wakasiya mwana wathu Corinne kusukulu. Msewu womwewo zaka zitatu. Pobwera mwana wandinong'oneza: "Adadi anaima pa maloboti n'kundifunsa kuti tikupita kuti." Ndamuuza kuti ankangomuseka. Zaka zisanu ndi zitatu zokha, koma wandiyang'ana ngati ndine chitsiru.

Lachisanu, 23 Januwale

Timu ikumufuna chaka china. Wabwera akumwetulira ngati mwana wopatsidwa switi. "Chimodzi chokha, Yvette." Kachitatu aka ndikumva chimodzi chokhacho. Ndamuuza kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Wati iye si galu, n'kundipsompsona pachipumi.

Kugolosale, mayi wolandira ndalama wandigwira dzanja. Akuti ndimuuze Khoma, dzina lomwe ochemerera anamupatsa Lamont, asatisiye. Mzinda wonse Khoma, Khoma. Dzina lili pa malaya a ana, nkhope ili pa basi. Palibe amene amamuona akuvala magalasi akuda m'nyumba chifukwa getsi likumulasa m'mutu.

Lachiwiri, 10 Febuluwale



Ulysses, mnzake amene anasiya mpira kale, anadzadya nafe masana. Nthiti zowotcha, mowa, nkhani zakale. Kenaka kuseka za mayeso a mu Julayi. Ndimawadziwa ine. Chaka chilichonse masewera asanayambe, madokotala a timu amayesa mutu wa wosewera aliyense: kuloweza mawu, kutchula manambala chobwerera mmbuyo. Zotsatira amasunga. Ukagundidwa m'bwalo amakuyesanso n'kufanizira. Ukatsika, sakubwezamo.

Kansi akuluakulu amaphunzitsa obwera kumene kulakwa dala mu Julayi. Ndiye ukazunguzika mu Disembala zotsatira zimafanana, akubwezera chisoti, lowa. Ulysses akugunda tebulo: "Uyu ndiye anali katswiri. Mu Julayi mbuli yotheratu." Lamont akuseka mpaka misozi.

Ine chiimire ndi mbale ya saladi m'manja. Kangati madokotala andiimbira kuti musadandaule mayi, wakhoza mayeso? Kangati ndagwada kuthokoza Mulungu chifukwa cha bodza?

Lamulungu, 22 Febuluwale

Ndalira, ndakalipa, ndanyengerera. Wati aliyense amatero, ndipo ndi mmene anatigulira nyumba ino. Ndati nyumba aitenge.

Kutchalitchi abusa amupempherera mawondo, mpingo wonse kuwomba m'manja. Mawondo!

Apongozi aimba kuchokera ku Mississippi. "Mwana wanga, mwamuna sumulanda ntchito yake. Adzatsala ndi chiyani?" Ndatsanzika msanga. Ndinaopa pakamwa panga.

Pochapa ndapeza kapepala m'thumba la jekete lake. Zolemba zake. Kumanzere pa banki, kumanja pa maloboti achiwiri, geti lobiriwira. Njira ya kusukulu. Pansi pake dzina la aphunzitsi a Corinne. Pansi penipeni tsiku lomwe tinakwatirana.

Ndiye kuti akudziwa. Akudziwa, akubisa, ndipo akufunabe kubwerera.

Lachiwiri, 3 Malichi

Lachinayi akamuyesa thupi, akatero asaina pangano latsopano.

Ndinaimika galimoto kuseri kwa positi. Chipale chofewa chikugwa. Mphindi makumi awiri foni ili m'manja. Kenaka ndaimbira a Halvorsen, dokotala wa timu. Ndanena zonse: Julayi, maloboti, magalasi, kapepala. Pamapeto pake ati: "Mayi, mukudziwa kuti ndikalemba zimenezi ndiye kuti kwatha?"

Ndati lembani.

Kunyumba ndamuphikira mpunga ndi nyemba zofiira, zomwe amazikonda. Wadya mbale ziwiri, wati ndine mkazi mmodzi padziko.

Lachinayi, 5 Malichi

Maola asanu, madokotala ena akunja, mayeso atsopano omwe sanakonzekere. Amufunsanso za kapepala. Timu yabweza mawu ake.

Lamont sanakuwe. Bola akanakuwa. Waima pakhomo la kukhitchini, jekete osavula. "Za kapepala akudziwa ndi munthu mmodzi yekha." Kenaka: "Zaka zonsezi mdani ndimamuyang'ana kutsogolo."

Wasamutsira zovala m'chipinda cha alendo.

Lachisanu, 13 Malichi

Mwambo wotsanzikana, kubwalo. Anthu kudzaza, kuzizira konseku. Abambo akuluakulu andevu kulira ngati pamaliro. Mameya, maluwa, malaya ake m'galasi. Akuti wasankha kupuma adakali pamwamba.

Wawerenga papepala, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Wathokoza makochi. Amayi ake. Corinne. Bambo wochapa mayunifolomu, mpaka mayi wophika kukantini. Ine ndili mzere woyamba, diresi yatsopano, kudikira. Wapinda pepala. M'manja mwambiri.

Corinne: "Amakuiwalani, amayi?" Ayi mwanangu. Pokhapa sanaiwale.

Ndamwetulira pa zithunzi zonse. Masaya akuwawa.

Lachisanu, 27 Malichi

Masabata atatu. Mawu ake kwa ine amadzera mwa mwana: uwauze amayi ako mkaka watha. Apongozi saimbanso. Akazi a anzake andichotsa pa gulu la pafoni, kaya anamva bwanji.

Iye tsiku lonse pampando, makatani otseka, kuonera masewera ake akale. Kwa dokotala wa mitsempha wakana kupita. Ndasintha tsiku kawiri.

Ndinamupulumutsa kapena ndinangomupha mwanjira ina? Sindikupempha kuti andithokoze. Angonditchula dzina. Ngakhale mondinyoza, ndilandira.

Lolemba, 20 Epulo

Seveni koloko mmawa. Ndikulemba chiimire, ndikapanda kutero ndikuwa.

Ndimapaka buledi batala. Wabwera kumbuyo, wandikumbatira m'chiuno, chibwano paphewa, ngati kale. "Yvette wanga." Ndinati wandikhululukira. Ndinayamba kale kuthokoza kumwamba.

Potembenuka, chikwama cha mpira paphewa. Lero ndi tsiku lomwe timu imayamba zolimbitsa thupi chaka chilichonse. "Ndichedwa kubwera, pali anyamata atsopano ofunika kuwaongola. Koma iwe, masiku ano wangoti ndwii, ndakulakwira chiyani?"

Si chikhululuko. Zangochoka m'mutu. Mwambo, madokotala, foni yanga, zonse.

Ndikamusiya apite, akamubweza pageti, pamaso pa anyamata omwe amamutcha Khoma. Ndikamuuza kuti anapuma, afunsa chifukwa. Ndikanena chifukwa, ndimuona akumva koyamba, andidanso koyamba. Ndipo mawa mwina kubwerezanso.

Ali m'galimoto, injini ikulira. Akuimba mluzu. Corinne watsika masitepe, akundiyang'ana.

Mphindi imodzi yokha ndikhale mkazi wake. Imodzi yokha, ndiye ndituluke ndikamuuze.