Wokondedwa Mnzanga Namsongole

Lolemba, 6 Meyi
Makalata 38 apita kutsidya kwa njanji. Ana anga a Sitandade 5 kulembera anzawo a sukulu ya uko, aliyense ndi wake. Lachisanu la sabata yamawa iwowo adzawoloka mlatho kudzaphunzira masamu ndi athu. Zaka zisanu ndi zinayi chiwotchereni msika pa chipolowe chija, palibe mwana wawolokapo. Chaka ndi theka ine ndi hedi mnzanga wa kutsidya tikunyengerera makomiti a makolo. Ganizoli ndi langa, zikavuta mlandu ndi wanga. Bambo akunyumba akuti, "Iwe ndiye wasanduka nduna ya zamtendere, malipiro a uphunzitsi."

Lachitatu, 8 Meyi
Ndalakwa. Ndinalonjeza makolo kuti kalata iliyonse ndidzaiwerenga isanamatidwe. Ndinawerenga 30, paipi ya kuzimbudzi n'kuphulika, otsalawo ndinangomata.
Lero pa buleki kamwana ka makaniko, kamtsikana kanzeru kokhala kutsogolo kaja, kandiuza monyada: "Madamu, ine ndinayamba mwaulemu, Wokondedwa mnzanga namsongole."
Namsongole. Dzina limene anthu a kuno ankakuwa tsiku la msika lija, ati udzu woyenera kuzulidwa. Mwanayo akuyesa ndi dzina chabe la anthu a uko. Amalimva pakhomo m'mawa ndi madzulo.

Lachinayi, 9 Meyi
Ndamuimbira hedi mnzanga. Makalata anagawa Lolemba lomwelo, ana anapita nawo kunyumba. Waona pa mndandanda. Kalatayo inagwera mwana wa telala, wapampando wa komiti yawo. Telala uja shopu yake inapsa pa chipolowe chija, mng'ono wake ali m'katimo.
Kenako hediyo wati: "Achemwali, mlandu suwola. Tingopemphera kuti bamboyo sanaione."


Lolemba, 13 Meyi
Kutsidya kuli chete. Bola akanabwera kudzanditukwana, ndikanadziwa pamene ndaima. Njinga yamoto ikaima pageti, ndimathamangira pawindo. Dzulo ndinazungulira kumsewu wa kumanda kuopa kudutsa pafupi ndi mlatho, mayi wamkulu ngati ine!
Wapampando wathu sindinamuuze. Akamva, za Lachisanu zafa, ndipo adzasangalala. Koma ndikangokhala chete, ana 38 a eni ake akuwolokera kuno, kapena makolo awo m'malo mwawo. Ndikuopa zonse ziwiri.

Lachitatu, 15 Meyi
Mayankho afika. Ndawerenga onse, kawiri, chitseko chokhoma. La mwana wa telala ndalikopera pano:
"Zikomo chifukwa cha kalata. Ndinafunsa amayi kuti namsongole ndi chiyani, anangotuluka panja. Adadi anatenga kalatayo, sanandibwezere. Kwathu kuno inu timakutchani chiswe. Inenso ndimadana ndi masamu ogawa. Lachisanu ndidzavala juzi yofiira kuti undidziwe. Ndine mnzako namsongole."
Ndiye kuti anaiona. Ali nayo.
Chiswe! Zaka zonsezi sindimadziwa kuti nafenso tili ndi lathu.
Ndakaitana kamwana ka makaniko, ndakapatsa yankholo. Ndati dzina lija usadzalitchulenso, limapweteka. Kandiyang'ana m'maso: "Nanga ndimuitane kuti chiyani, Madamu? Dzina lake sanalembe." Ndangokabweza m'kalasi. Ine amene ndaphunzitsa zaka makumi awiri.

Lachinayi, 16 Meyi
Mabenchi tawonjezera. Choko, mapepala, madzi akumwa. Hedi mnzanga akuti telala sanaletse, sanavomere. Wangoti, "Mwana wanga ndidzamuperekeza ndekha."

Lachisanu, 17 Meyi
7:40. Ndili pawindo la ofesi. Makolo athu adzaza kumpanda, mikono pachifuwa, makaniko ali pomwepo ndi ovolosi yake.
Ana a kutsidya akubwera. Si 38. Ndawerenga 11. Juzi yofiira patsogolo, pambuyo pake bambo wamtali, pepala m'manja.
Kamwana kaja kathawa pamzere. Kakuthamangira ku mlatho, kakamwa yasa. Mulungu wanga, kasatchule.
Kakukuwa: "Juzi yofiira! Iwe juzi yofiira!"
Agwirana manja, akutsika masitepe. Telala sanatsike. Waima pakati pa mlatho, wakweza pepala lija, akuyang'ana windo lino.
Akudikira ine. Ndikupita.